Musamudutse Nikodemo

Dzuwa linali litatsamira kale pamapiri a Katete pamene Regina anatuluka ndi beseni kukaanula majezi a timu pachingwe. Ntchito imeneyi inali itamukwana kalekale. Anakwatiwa ndi Obed Njobvu, mlimi wa thonje, koma pa tsiku la ukwati palibe anamuuza kuti akukwatiwanso ndi timu yonse ya mpira ya m'mudzi wa Kasenjere, ndi masokosi ake onunkha omwe. Obed anali kochi, ndipo mkazi wa kochi ndiye wochapa, afune asafune.

Kukolola kunali kutatha, ligi ya m'boma inali pafupi kuyamba, choncho majezi onse anali atatuluka m'saka momwe amakhala nthawi ya mvula. Ankaanula imodziimodzi, kupinda, kuponya m'beseni. Onse anali atauma gwa. Atafika pa jezi ya nambala faifi, dzanja lake linabwerera lokha. Inali yonyowa, yofunda, ndipo inkanunkha thukuta la munthu amene wangotuluka kumene m'bwalo, losakanikirana ndi mafuta oyabwa aja amene osewera amapaka m'minofu. Jezi imeneyo inalibe mwini chichokereni Nikodemo.

"A Obed, tabwerani mudzagwire ichi."

Obed anali pakhonde akupopa mpira. Anabwera mokoka miyendo, anaigwira jeziyo, anainunkhiza, kenako anapukuta dzanja pathalauzi.

"Kapena simunafinye bwino."

"Ndi thukuta limenelo. Ine ndimachapira thukuta?"

Obed anayang'ana kumbali. "Wabwera. Anamuona ku Katete dzulo, akutsika basi."

"Ndiye mufuna kumutenganso."

"Sindinatero."

"Simunanenenso kuti iyayi," anatero Regina, nanyamula beseni n'kuisiya jeziyo ili yokha pachingwe.

Nikodemo Soko anafika ku Kasenjere ali mnyamata, kuchokera kumalire chakwa Vubwi, kudzalima mtedza ndi amalume ake. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, mowa sankamwa, ndipo ndewu sankaidziwa. M'bwalo ankasewera kumbuyo, ndipo sanali wankhanza ngati madifenda ena aja amene amasiya mpira n'kumenya mwendo. Khadi yofiira sanaionepo. Chake chinali chimodzi: munthu sankamudutsa. Ukathawira kumanja unkamupeza ali pomwepo, ukabwerera kumanzere wafika kale, ngati maganizo ako wawamva iwe usanawaganize. Amayi a m'mudzimo anamupekera nyimbo, ndipo Loweruka lililonse ankaiimba mpaka kusasa mawu: "Sadutsika, sadutsika, Nikodemo sadutsika!"

Woyamba kumudutsa anali Yotam, sitiraika wa timu ya Matimba ya ku Sinda, mnyamata wothamanga ngati wabedwa kanthu. Anamulowetsa mpira pakati pa miyendo, anamuzungulira, nagoletsa. Anthu a ku Sinda anakhamukira m'bwalo ndi fumbi. Nikodemo sanamuthamangitse, sanatukwane. Anangoima, n'kutembenuza khosi pang'onopang'ono, kumuyang'ana Yotam kumsana pamene ankapita kukavina pakona.

Mlungu womwewo Yotam anayamba kudandaula kuti pali munthu akumutsata. Akamapita kumunda ankamva nsapato za mpira, zija za mano kunsi, zikuti khwa, khwa, khwa pamiyala kumbuyo kwake. Akaima, nazo zinkaima. Akacheuka ankangoona njira ili mbee, koma mpweya wofunda unkamuwomba pakhosi ndipo fungo la mafuta opaka m'minofu linkamutseka mphuno. Kenako china chake chinayamba kumukoka malaya. Mkazi wake ankapeza malaya onse atakokeka kumsana, atakwinyika malo amodzi ngati momwe nsalu imakhalira ikatuluka m'nkhonya ya munthu. Yotam anayamba kuyenda chowerama, mwendo uliwonse kuchita kuukoka. Kuchipatala anamuyeza magazi, chifuwa, zonse, napeza munthu wabwinobwino. Anamwalira mvula isanagwe, atakhala pansi, msana atauphatika kukhoma la nyumba.

Anthu anati ndi matenda, chifukwa kunena choncho sikutopetsa. Koma kenako kunabwera za Fredrick, wogulitsa tomato, amene mpira sankaudziwa n'komwe. Iyeyu anamupeza Nikodemo panjira ya kudimba, analiza belu la njinga, anamupatsa moni wabwinobwino n'kumudutsa. Nikodemo anayankha moniwo, ndipo khosi lake linatembenuka. Kuyambira pamenepo njinga ya Fredrick inkalemera ngati wanyamula munthu wamkulu pakaliyala, ngakhale dengu lili lopanda kanthu. Anasiya kukwera, anayamba kukankha, kenako analephera ndi kukankha komwe. Pa maliro ake, amene anasambitsa thupi anatuluka osalankhulana.

Mudzi unaphunzira kuyenda kumbuyo. Palibe anaitanitsa msonkhano, zinangochitika. Nikodemo akakhala panjira ya kumjigo, amayi ankandandalikana pambuyo pake ndi zidebe pamutu, makosi akuwawa, kudikira kuti akhote. Akawerama kuti amange chingwe cha nsapato, njira yonse inkaima. Ana a sukulu ankachedwa ndipo aphunzitsi sankawafunsa chifukwa. Magalimoto pamsewu waukulu ankamudutsa ndithu, ndipo sikunamveke kanthu, koma anthu a m'magalimoto amakafera kwawo kutali, ndiye ndani akanadziwa? Mantha oterewa sakuwitsa munthu. Amangomutopetsa, mpaka kufika poti ukaona msana wa mnzako patsogolo, miyendo imaima yokha.

Amuna ena olimba mtima anamuitanira kuseri kwa chigayo n'kumupempha kuti apinde thalauzi. Anapinda, anavula ndi malaya omwe. Panalibe mphini ndi imodzi yomwe, chithumwa ayi, kachingwe m'chiuno ayi.

"Ine sindinapite kwa munthu aliyense," anatero. "Nyimbo ija munaimba ndinu."

Ena anati amalume ake ndiwo anamukhwimira ali mwana. Ena anati ndi nkhalamba ina ya ku Mozambique imene inamusambitsa miyendo iye ali m'tulo. Amalumewo anali atamwalira, nkhalambayo panalibe anaionapo, choncho mlandu unasowa poukhazika. Patapita nthawi Nikodemo ananyamula chikwama chake n'kuwolokera ku Mozambique kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Kasenjere anapuma. Amayi anayambanso kuyenda mothamanga, ndipo timu inayamba kugonja mochititsa manyazi.

Tsopano anali atabwera, ndipo komiti ya timu inakumana masana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo. Wapampando anali a Dorothy Mvula, mwini chigayo, mayi wosakonda kuzungulira. Koma tsiku limenelo nawonso ankazungulira, chifukwa mawu oti ufiti palibe amene ankafuna kuwatulutsa pakamwa pake dzuwa likuswa mtengo. Ndiye anapeza mawu ena. Nikodemo anali ndi bondo lovuta pang'ono, ndipo bondo limenelo linasenza nkhani yonse.

"Ine nkhawa yanga ndi bondo lake lija," anatero mkulu wina, maso ali pansi.

"Bondo limenelo latipweteka kale kawiri," anavomereza wina.

Ronald, wapagoli, mnyamata amene msana unali utapindika ndi kutola mipira muneti, anausa moyo. "Bondo ndalimva. Koma chaka chino tikateya mpira ngati chaka chatha, atichotsa mu ligi. Ine ndatopa kusekedwa ndi ana pamsika."

"Kusekedwa munthu safa nako," anayankha mkulu uja.

Mumtima mwake Obed anali atakana kale, ndipo ankangodikira kuti ena atope kuti iye atseke nkhani. Koma a Dorothy anakonza chitenje chawo, anatsokomola, n'kunena chimene anabwera nacho.

"A Matimba amutumira kale munthu. Ife tikamukana, asaina ku Sinda."

"A Matimba?" anadabwa Ronald. "Omwe aja anaika Yotam m'manda?"

"Omwewo. Ndiwo adziwa bwino ntchito yake. Ndipo ligi tiyamba ndi iwo."

Onse anatembenukira kwa Obed. Sitiraika wa Kasenjere anali Ezara, mwana wake mmodzi yekhayo wamwamuna, wa zaka makumi awiri, amene ntchito yake yonse m'bwalo inali kudutsa madifenda. Sankadziwa kusewera mwanjira ina. Nikodemo akavala jezi ya timu ina iliyonse mu ligi imeneyi, tsiku lina adzaima patsogolo pa Ezara, ndipo Ezara adzachita chimene miyendo yake imadziwa.

Madzulo ake Obed anakambirana ndi Regina kuseri kwa nkhokwe, motsitsa mawu.

"Mwanayo asiye bola basi," anatero Regina. "Alime thonje ngati anzake."

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza. Wandiseka."

Ezara ankasekadi. Kwa iye Yotam anafa ndi matenda amene achipatala anawaphonya, Fredrick anali ndi vuto la mtima, ndipo mudzi wonse unali wamantha ngati nkhuku. Mpira unali njira yake yothawira munda wa thonje, ndipo akanalola kudulidwa chala kusiyana ndi kuusiya.

"Tikamutenga, akhala mbali imodzi ndi Ezara," anatero Obed. "Sadzayang'anizana."

"Nanga ana a eni ake?"

Funso limenelo Obed anali atadzifunsa kale, ndipo yankho lake linkamuchititsa manyazi. Ankadziwa bwino lomwe kuti akuchotsa mwana wake panjira ya chinthucho n'kuikapo ana a anthu ena, a ku Sinda, a ku Vubwi, a ku Mkaika. Anaganiza za amayi awo, anamva chisoni chenicheni, komabe m'mawa mwake ananyamuka kupita kwa Nikodemo.

Anamupeza atakhala pamtondo wogubuduzika panja pa kanyumba ka malemu amalume ake, mapazi atawaviika m'beseni la madzi ofunda. Anali atawonda, maso atalowa m'kati. Obed anazungulira patali kuti amufikire chakumaso.

"A kochi, simukanabwera."

"Ndabwera. Tikukufuna kumbuyo kwathu."

Nikodemo anayang'ana mapazi ake m'madzimo. "Ndatopa, a kochi. Ine ndimagona bwinobwino, koma miyendo sigona. Ndikadzuka ndimapeza matope kuzidendene, minofu ikuwawa ngati ndateya magemu awiri."

"Imakhala itapita kuti?"

"Sindiifunsa."

Obed anamuyandikira. "Pa maphunziro uzikhala mbali imodzi ndi Ezara. Nthawi zonse. Wamva?"

"Ndamva. Koma ine sindisankha munthu, a kochi. Mukumbukire zimenezo."

Anasaina, ndipo Kasenjere inayamba kuwina. Kunena zoona sunali mpira wosangalatsa. Masitiraika a matimu ena anali atamva mbiri, ndiye akafika chapakati pabwalo ankangoumenya mpira uli kutali n'kubwerera, ngati munthu woponya mwala m'tchire lomwe akuganiza kuti muli njoka. Nikodemo ankangoyendayenda kumbuyoko, nthawi zina gemu yonse osatuluka thukuta. Kutsogolo Ezara ankagoletsa mmene wafunira. Amayi ankaomba m'manja, koma nyimbo ija sanaiyambenso. Mtsikana wina wamng'ono ataiyamba mosadziwa, mayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja.

Amene anakalamba chaka chimenecho anali Obed. Anasiya kuona mpira, ankangoona pamene pali Ezara ndi pamene pali Nikodemo. Polowa m'bwalo, Nikodemo patsogolo. Pokwera lole yopita kumagemu akutali, Nikodemo kutsogolo ndi dalaivala. Pa kona, Ezara analetsedwa kubwerera kudzathandiza kumbuyo, ndipo Nikodemo analetsedwa kupita kutsogolo. Ezara ankang'ung'udza kuti bambo ake apenga. Obed ankangomuyang'ana, wopanda mphamvu zokangana, chifukwa tulo anali atasiyana nato. Madzulo akamamasula maneti pamagoli kuti mbuzi zisawatafune, ankamva nsapato zija zikuzungulira bwalo lopanda munthu, khwa, khwa, khwa, mosafulumira. Ankapinda manetiwo osacheuka.

Chapakati pa ligi anakumana ndi timu ya ku Vubwi imene inali ndi mnyamata wachilendo, wongobwera kumene kuchokera ku Malawi. Anzake mwina anaiwala kumuuza, mwina anamuuza iye n'kuseka. Anamudutsa Nikodemo mwaluso kwambiri, ndipo bwalo lonse, a Kasenjere ndi alendo omwe, linangoti zii. Mnyamatayo anagoletsa, anatambasula manja kudikira anzake, koma palibe anamuthamangira. Uthenga wa maliro ake unafika patangopita milungu yochepa, ndipo komiti inatumiza Ronald kukapepesa. Obed sanapite. Tsiku limenelo anakhala kumunda mpaka kuda, akuzula mapesi a thonje amene anali atawazula kale theka, ndipo pobwera Regina sanamulankhule.

Kumapeto kwa ligi kunabwera munthu wa timu ina yaikulu ya ku Lusaka, wovala chipewa ndi magalasi akuda, kudzaona anyamata a m'maboma. Anaonerera magemu awiri, anafunsa dzina la Ezara, n'kunena kuti mnyamatayo akafike ku Lusaka akayesedwe. Za Nikodemo anangoti, "Uyo ni mudala, nthawi yake inapita." Nikodemo anamva, anagwedeza mutu, napitiriza kumasula nsapato zake.

Mudzi unasangalala kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Anthu anasonkhana pachigayo, ndipo a Dorothy analengeza kuti Lamlungu kudzakhala phwando lotsanzikana. Chisangalalo chinawapitirira, ndipo anamugwira Obed paphewa n'kufuula kuti aliyense amve.

"A kochi, mwana wanu wawadutsa onse!"

Mawuwo atangotuluka, a Dorothy anagwira pakamwa. Anthu anasiya kuseka mmodzimmodzi. Nikodemo anali ataima kumapeto kwa gululo, pafupi ndi matumba a chimanga, ndipo onse anamuona akukweza manja awiri n'kudzigwira khosi mwamphamvu, ngati munthu amene akuletsa ng'ombe kutembenuka. Anaima choncho kanthawi, kenako anachoka.

Obed sanadikire Lamlungu. Anauza Regina kuti alongedze chikwama cha mwanayo mwakachetechete, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira, nkhuku zitangotsika, bambo ndi mwana anadzera njira ya kumadimba kupita ku Katete. Anakwera minibasi ya ku Lusaka, Ezara pawindo, Obed pambali pake. Galimoto itadzaza n'kunyamuka, Obed anatsamira mpando ndipo anamva mapewa ake akumasuka koyamba m'miyezi yambiri. Anaganiza kuti wapambana.

Chimene sanadziwe n'chakuti Nikodemo naye sanadikire Lamlungu. Anaganiza kuti akachoka iye msanga, mnyamatayo adzatsanzikana ndi anthu mwamtendere ndipo njira yake idzakhala yoyera. Analibe mtima wokwera galimoto ndi anthu osalakwa, choncho anamangirira nsapato zake za mpira m'khosi n'kuyamba wapansi kulowera kumadzulo, kumene anamva kuti kuli mafamu ofuna antchito. Msewu wopita kumadzulo kuchokera ku Katete ndi umodzi.

Minibasi inali itadutsa pang'ono mphambano ya ku Kasenjere pamene Obed anauona msana uja patsogolo, m'mphepete mwa tala. Msana umenewo akanauzindikira ngakhale pakati pa msika.

"Imani! A dalaivala, imani!"

"Mudala, tadzaza, sitinyamula munthu apa," anatero kondakitala.

"Tiseluka, titsikira pompano! Imani lomba!"

"Museluka? Mwalipira ya Lusaka, mudala, muli bwino?"

Obed anadumphira mpando wapatsogolo n'kumugwira dalaivala kolala. Amayi anakuwa, galimoto inayenda mokhotakhota, kenako inaima ndi fumbi. Anawatsitsa motukwana, chikwama chinaponyedwa pansi, ndipo minibasi inapitirira. Inamudutsa munthu uja ndi liwiro, iye osadzutsa mutu.

Ezara anapsa mtima. Anayang'ana galimoto ikuzimiririka, anayang'ana bambo ake, kenako anamuona Nikodemo patsogolopo ndipo anamvetsa.

"Chifukwa cha uja? Atate, mwanditsitsa chifukwa cha uja?"

"Tidikire akhote, mwanangu. Tikwera ina."

"Akhotera kuti? Msewu ni umodzi uyu! Tizimutsata kumbuyo mpaka ku Lusaka?"

"Tibwerere kunyumba. Tipita mawa."

"Mawa muzapeza chinanso. Chaka chonse mwandiyendetsa kumbuyo kwa munthu ngati mbuzi." Anatola chikwama n'kuchikoleka paphewa. "Lekani ndimudutse pamaso panu, muone kuti palibe chilichonse."

Anayamba kuyenda, osathamanga, koma ndi mapazi ataliatali a munthu amene watsimikiza. Obed anamutsata, anamugwira mkono, Ezara anaukutumula. Anagwira chikwama, lamba linaduka n'kumusiyira chikwamacho m'manja. Anamuitana ndi dzina la ubwana, anamutchulira mayi ake, anamulonjeza zinthu zopanda pake. Mnyamatayo sanacheuke.

Nikodemo anali atawamva. Anaima chilili, osatembenuka, manja onse awiri atadzifinya nawo m'khosi. Fungo la mafuta opaka m'minofu linadzaza msewu wonse, lamphamvu moti maso a Obed anayamba kutuluka misozi. Ndipo ngakhale munthuyo anali ataima, wopanda nsapato kumapazi, panamveka khwa, khwa pamiyala ya m'mphepete mwa tala, ngati wina akusuntha mapazi kukonzekera.

"A kochi," anatero Nikodemo ndi mawu osasa, "mugwireni. Ine sindikwanitsa."

Ezara anaseka. "Mwadzuka bwanji, a Soko? Ndipiteko."

Panatsala mapazi ochepa. Obed anali munthu wa zaka zoposa makumi asanu, wa mawondo olira, ndipo mphamvu zogwira mnyamata ngati uja analibe. Anataya chikwama, anathamanga pang'ono pomwe akanatha, n'kudziponya pansi miyendo yonse iwiri ili patsogolo, momwe iye mwini ankaletsera anyamata ake kuchita. Analowa chakumbuyo, pansi pa bondo lakumanja la mwana wake, ndi thupi lake lonse. Kunamveka phokoso ngati la nthambi youma.

Ezara anagwa chafufumimba m'miyala. Poyamba sanalire, anangoyang'ana mwendo wake umene unali utapindikira kumene mwendo supindikira. Kenako anakuwa, ndipo mbalame zinauluka m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Dzanja lake lotambasuka linali litagwera pafupi ndi chidendene cha Nikodemo, koma kumbuyo kwake.

Nikodemo anatsitsa manja pang'onopang'ono. Sanacheuke. Anapuma mozama, anakonza nsapato zake m'khosi, n'kuyambanso kuyenda kulowera kumadzulo, mwendo umodzi akuukoka pang'ono. Ku Kasenjere sanaonekenso, ndipo mpaka lero palibe akudziwa amene anamuika chinthucho, kapena ngati chikanamugwira Ezara tsiku limenelo. Anthu amakangana nazo pachigayo akasowa nkhani.

Obed anakwawa pamiyalapo, zigongono zikuchucha magazi, n'kunyamula mutu wa mwana wake kuuika pamiyendo pake.

"Atate, mwandichita chiyani? Mwendo wanga, atate! Mwandichita chiyani?"

"Sunamudutse, mwanangu," anatero Obed, akumupukuta fumbi kumaso ndi dzanja. "Sunamudutse."

Ezara anamukankha dzanjalo n'kutembenuzira nkhope kumbali. Obed anakhala pomwepo m'mphepete mwa msewu, akukweza mkono kuimitsa galimoto iliyonse yobwerera ku Katete kuti iwatengere kuchipatala.